Mafunso oyezera ulumali ndi thanzi akamatulutsa ziwerengero zokayikitsa: koyang'ana ndi kakonzedwe kake

Ku Zambia, kalembera wa 1990 anapeza kuti anthu aulumali ndi 0.9 peresenti ya anthu onse. Wa 2000 anapeza 2.7 peresenti. Kafukufuku wa m'chaka cha 2006, amene anafunsa mafunso a Washington Group, gulu la akatswiri a ziwerengero za ulumali la pansi pa United Nations, anapeza 14.5 peresenti. Kuno ku Malawi kalembera wa 2008 anawerenga 3.8 peresenti, koma wa 2018 anawerenga 10.4 peresenti mwa anthu a zaka 5 kupita m'mwamba. Sikuti anthu analumala mwaunyinji chonchi m'zaka zochepazi. Chimene chinasintha kwambiri ndi kafunsidwe.

N'chifukwa chake fomu ya mafunso isanapite kumidzi imayesedwa pa zinthu zitatu. Kodi anthu akulimva funso mmene olilemba ankafunira? Kodi munthu yemweyo akafunsidwa kawiri akuyankha chimodzimodzi? Nanga funsolo likuyezadi chimene tikuti likuyeza? Malipoti ambiri amadzaza masamba ndi masamu a chachiwiricho, chonsecho vuto limakhala lagona pa choyamba. Chiwerengero chikakudabwitsani, yambani mwaona mawu a funso, kenako wofunsa, kenako kalowetsedwe ka mayankho mu kompyuta. Masamu abwere kumapeto.

Mafomu amene tikambe ndi atatu. Ya Washington Group yaifupi ili ndi mafunso 6: kuona, kumva, kuyenda kapena kukwera masitepe, kukumbukira kapena kuika maganizo pa chinthu, kudzisamalira monga kusamba ndi kuvala, ndi kulankhulana ndi ena. Funso lililonse lili ndi mayankho 4. WHODAS 2.0 ya bungwe la WHO ili pawiri, ya mafunso 36 ndi ya mafunso 12, imafunsa za masiku 30 apitawo ndipo mayankho ake ndi 5. EQ-5D ya gulu la EuroQol imafunsa za lero lokha pa mbali 5: kuyenda, kudzisamalira, ntchito za masiku onse, ululu, ndi nkhawa kapena kukhumudwa. Ilipo ya mayankho atatu ndi ya mayankho 5.

Chiwerengero chatsika mpaka 2 kapena 3 peresenti

Werengani mawu amene wofunsa amayamba nawo akafika pakhomo. Ngati muli mawu akuti "ulumali", "wolumala" kapena "wopuwala", gwero lalikulu mwalipeza kale. Agogo amene sathanso kukafika kumunda sadziwerengera pa anthu aulumali. Kwa iwo ndi ukalamba basi. Mayi amene mwana wake salankhula bwino safuna kumutchula pamaso pa mlendo, anansi atazungulira pakhonde. Washington Group imalangiza kuti mawu amenewa asatuluke n'komwe. Wofunsa angonena kuti mafunso otsatirawa ndi okhudza zovuta zimene munthu angakhale nazo pochita zinthu zina chifukwa cha vuto la thanzi.

Kenako fufuzani ngati wina anawonjezera funso losefa kuti ntchito ifulumire, monga lakuti "Kodi pakhomo pano pali amene ali ndi vuto?" Bambo wa pakhomo akangoti ayi, tabuleti imadumpha mafunso onse 6 pa anthu onse a m'nyumbamo. Tsegulani fomu mu pulogalamu imene munaipangira, kaya ndi ODK, KoboToolbox kapena CSPro, muone lamulo limene limadumphitsa mafunso, ndipo mulichotse. Aliyense wa zaka 5 kupita m'mwamba afunsidwe mafunso onse. Onaninso ngati mayankho 4 aja sanasanduke "inde" ndi "ayi" m'kamwa mwa wofunsa wotopa. Munthu wovutika pang'ono akapatsidwa inde kapena ayi amasankha ayi. Mayankho onse awerengedwe mokweza.

Fomu ikhale ndi malo olemba amene wayankha, mwini wake kapena womuyankhulira. Woyankhulira mnzake amaona kutsimphina, koma ululu, nkhawa, kuiwala ndi kusamva bwino zimamudutsa. Posanthula, ikani magulu awiriwa padera. Ngati kusiyana kwake kuli kwakukulu, mulembe zimenezo mu lipoti.

Palinso zimene mafunso 6 aja sanapangidwire. Khungu lachialubino ndi khunyu sizituluka pamenepo, n'chifukwa chake kalembera wa Malawi wa 2018 anazifunsa pazokha. Mukawonjezera mafunso otero, muwaike pambuyo pa 6 aja, chifukwa akatsogola amatchula matenda ndipo amasintha mayankho otsatira. Pa ana, gwiritsani ntchito fomu ya ana imene UNICEF ndi Washington Group anatulutsa mu 2016. Ili ndi gawo la zaka 2 mpaka 4 ndi la zaka 5 mpaka 17.

Chiwerengero chakwera mosayembekezeka

Kawirikawiri apa vuto ndi malire amene mwaika. M'kafukufuku wa ku Zambia wa 2006 uja, mayankho omwewo anapereka 14.5 peresenti powerenga aliyense wovutika ngakhale pang'ono, 8.5 peresenti powerenga ovutika kwambiri ndi olephereratu, ndi 2.4 peresenti powerenga olephereratu okha. Malire amene Washington Group imavomereza poyerekeza maiko ndi apakatiwo: munthu ayankhe "ndimavutika kwambiri" kapena "sindingathe n'komwe" pa funso limodzi kapena kuposerapo. Chiwerengero chopanda malire ake pambali musachiyerekeze ndi cha wina.

Nyengo imalowererapo. M'miyezi ya mvula malungo amachuluka, ndipo misana imakhala yotopa ndi kupalira. Mafunso a Washington Group amafuna mmene munthu amakhalira nthawi zonse, osati sabata imene wagona ndi malungo. WHODAS, yomwe imafunsa masiku 30, idzatola zonsezo chifukwa ndi mmene inapangidwira. Lembani mwezi umene munafunsa, ndipo boma lina musalifunse mu Febuluwale, lina mu Julayi, n'kumati akusiyana pa ulumali.

China ndi mphekesera. Mbiri ikamveka kuti obwerawo akulemba maina a Mtukula Pakhomo kapena a chithandizo china, mayankho amalemera. Chizindikiro chake n'chosavuta: yerekezani tsiku loyamba m'mudzi ndi lachitatu. Ngati "ndimavutika kwambiri" akukwera tsiku ndi tsiku m'midzi yambiri, nkhani yayenda. Mankhwala ake ndi kunena poyera pa msonkhano wa amfumu, ndiponso pakhomo lililonse, kuti mayankho sabweretsa ndipo sachotsa thandizo lililonse.

Ngakhale zonsezi zitakhala bwino, masamu okha amakweza chiwerengero cha chinthu chosowa. Tiyerekeze anthu 1,000 amene 50 mwa iwo ali ndi vuto lenileni, ndi funso limene limagwira 90 peresenti ya ovutika n'kumasula 90 peresenti ya osavutika. Ligwira 45 mwa 50 aja, koma ligwiranso molakwika 95 mwa 950 otsalawo. Onse pamodzi ndi 140, kutanthauza 14 peresenti pamene zoona zake ndi 5, ndipo mwa 140 amenewa ovutikadi sakwana theka. Pa kafukufuku wa anthu wamba, funso limene limakola osavutika limawononga chiwerengero kuposa limene limaphonya ovutika ochepa.

Anthu akuyankha funso limene simunafunse

Apa ndi pamene ntchito yambiri iyenera kuthera. Njira yofala ndi yakuti mmodzi amasulire m'Chichewa, wina abwezere m'Chingerezi, n'kuyerekeza. Njirayi imagwira mawu osiyidwa, koma tanthauzo lokhota imalilola kudutsa. "Kodi mumavutika kumva?" akabwezeredwa m'Chingerezi amabwerera bwinobwino, chikhalirecho kumudzi funsoli lili ndi mitu ingapo: kumva ndi makutu, kumvetsa zimene zanenedwa, ndiponso kumvera. Mayi akafunsidwa za mwana wake wa zaka 9 n'kuyankha kuti "ameneyu ndiye samva", mwina akunena za mwano, makutu ali bwinobwino. Wofunsa n'kulemba kuti mwanayo ndi wogontha. Funso litchule makutu kapena mawu ndi phokoso, kuti mutu ukhale umodzi.

Choncho omasulira akhale awiri, aliyense payekha, mmodzi wodziwa zachipatala ndi wina wongodziwa bwino chilankhulo cha tsiku ndi tsiku. Akatha, akhale pansi pamodzi ndi munthu wodziwa cholinga cha funso lililonse, wofunsa wozolowera kumidzi, ndi anthu aulumali eni ake, amene mungawapeze kudzera m'mabungwe awo monga amene ali pansi pa FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali ku Malawi. Pakhale mmodzi wogamula pamene sakugwirizana, ndipo chifukwa cha chigamulo chilichonse chilembedwe. Pa EQ-5D samalani: mwini wake ndi EuroQol, amafuna mulembetse kafukufuku wanu, ndipo mawu ake sasinthidwa popanda chilolezo. EQ-5D ya mayankho atatu ilipo kale m'Chichewa. Inayesedwa pa akuluakulu ovulala mafupa ndipo zotsatira zinatuluka mu Malawi Medical Journal mu 2017. Pemphani imeneyo m'malo momasulira yanu.

Malo amene amavuta nthawi ndi nthawi ndi awa. Masitepe: m'midzi yambiri mulibe, ndiye munthu amati "sindikwera" kutanthauza kuti sakumana nawo, wofunsa n'kulemba kuti sangathe. Kilomita imodzi ya mu WHODAS: ambiri sayeza mtunda motero, ndiye gwirizanani pa chitsanzo chimodzi chimene ofunsa onse azinena, monga mabwalo a mpira 10 kuwandandalika m'litali. Musalole aliyense kupeka chake, chifukwa "mpaka kumsika" ndi mphindi 5 kwa wina ndi maola 2 kwa mnzake. Chipangizo chothandiza kumva: kumene anthu sachidziwa, kachigawo kameneka kamangosokoneza, ndipo Washington Group imalola kukachotsa. Magalasi: munthu amene amaona bwino akavala, yankho lake ndi lakuti savutika, ambiri amayankha za mmene amaonera akavula. Funso la kukumbukira kapena kuika maganizo pa chinthu lili ndi zinthu ziwiri, ndipo "kuganiza kwambiri" kukalowamo limasanduka funso la nkhawa.

Mayankho nawo amayesedwa. Pakati pa "pang'ono" ndi "kwambiri" payenera kukhala mpata womveka, ndipo pa WHODAS kapena EQ-5D ya mayankho 5 mpatawo umachepa: "pang'ono", "pakatikati", "kwambiri", "kwambiri zedi". Lembani yankho lililonse pa khadi lakelake, muwerengere anthu 10 kapena 15 mosakaniza, ndipo muwapemphe awaike kuyambira chopepuka mpaka cholemera. Ngati anthu atatu kapena anayi asinthanitsa makadi awiri omwewo, mawuwo sakusiyana m'makutu mwa anthu. Asintheni musanapite patsogolo.

Zonsezi zimaululika pa kucheza kofufuza kamvedwe. Wofufuza amafunsa funso mmene lalembedwera, kenako n'kufunsa chimene chinali m'mutu mwa woyankha. Zimamveka chonchi:

"Agogo, kodi mumavutika kuyenda kapena kukwera masitepe?"

"Iyayi mwanawe, ndilibe vuto."

"Poyankha chonchi mumaganizira kuyenda kotani?"

"Kuchoka m'nyumba muno kupita pakhonde, ndi kuseriku."

"Nanga kutchalitchi mumafika?"

"Ndinasiya kale. Miyendoyi siilola."

Agogowa anayankha zoona, koma dziko lawo linachepa mpaka kukwanirana ndi miyendo yawo. Fomu iwalemba ngati munthu wopanda vuto. Chitani kucheza kotere ndi anthu 5 mpaka 15 pa ulendo umodzi, konzani mawu, ndipo mubwereze ndi anthu ena mpaka zovuta zatsopano zitasiya kutuluka. Sankhani mwadala: amayi ndi abambo, okalamba ndi achinyamata, osapita kusukulu, a m'tauni ndi akumudzi, aulumali ndi opanda. Pambuyo pake yesani fomu yonse pa anthu 30 mpaka 40. Ndipo fomu ya Chichewa siyankha za Mzimba kapena Mangochi. Chitumbuka, Chiyao ndi zinenero zina zimafuna kumasulira kwake kolembedwa. Wofunsa akamamasulira pamtima pakhomo lililonse, ndiye kuti muli ndi mafomu ochuluka ngati ofunsawo. Ngakhale Chinyanja cha ku Chipata kapena ku Tete chiyenera kuyesedwa pachokha.

Kufunsa kawiri kwapereka mayankho osiyana

Kubwereza kumafuna anthu osachepera 50 amene thanzi lawo silinasinthe. Mpata wake nthawi zambiri ndi sabata imodzi kapena ziwiri: ukafupika anthu amakumbukira zimene ananena, ukatalika thanzi limasinthadi. Paulendo wachiwiri yambani ndi funso lakuti, "Kuyambira tsiku lija, mukupeza bwanji: chimodzimodzi, bwinoko kapena zawonjezeka?" ndipo muwerenge okhawo oti chimodzimodzi. Izi n'zofunika kwambiri pa EQ-5D poti imafunsa za lero. Odwala amene angoyamba kumene mankhwala, kapena amene fupa likupola, si oyenera pa ntchito imeneyi. Malo akhalenso ofanana. Munthu wofunsidwa koyamba kuchipatala ndi namwino, kachiwiri kunyumba apongozi ali pompo, sayankha chimodzimodzi.

Pa funso limodzilimodzi gwiritsani ntchito kappa, nambala yoyeza mmene mayankho a maulendo awiriwo akugwirizanira kupatula kugwirizana kwamwayi, ndipo ikhale yoganizira kutalikirana kwa mayankho, chifukwa kuchoka pa "pang'ono" kupita pa "kwambiri" si kofanana ndi kuchoka pa "palibe vuto" kupita pa "sindingathe". Pa malikisi ophatikiza gwiritsani ntchito ICC, nambala yoyeza kufanana kwa malikisi a maulendo awiriwo, ndipo 0.70 ndiwo malire apansi poyerekeza magulu. Pearson, amene amangoyeza ngati manambala akukwera ndi kutsika limodzi, musamudalire pano: aliyense akakwera ndi malikisi 10 paulendo wachiwiri, Pearson amatulukabe wokwera ngati palibe chachitika.

Kappa ili ndi khalidwe limodzi lodabwitsa. Mwa anthu 100, tinene kuti 90 anati palibe vuto maulendo onse awiri, 2 anati lilipo maulendo onse, 4 anati lilipo koyamba kokha, ndi 4 kachiwiri kokha. Kugwirizana ndi 92 peresenti, koma kappa ndi 0.29 basi, chifukwa pafupifupi onse ali mbali imodzi. Osathamangira kutaya funsolo, komanso osabisala kuseri kwa 92. Onetsani tebulo lonse, ndipo mubwereze pa gulu limene muli anthu ovutika ochulukirapo.

ICC isandutseni kukhala malikisi enieni. Ngati SD, muyezo wa kumwazikana kwa malikisi a anthu, ndi 15 pa sikelo ya 0 mpaka 100 ndipo ICC ndi 0.85, cholakwa cha muyezo ndi 15 kuchulukitsa ndi muzu (square root) wa 0.15, pafupifupi 5.8. Mukachulukitsa ndi 2.77 mupeza 16. Ndiye kuti munthu mmodzi akasintha ndi malikisi osafika 16, simunganene motsimikiza kuti wasinthadi.

Wofunsa wina akupeza ambiri, wina pafupifupi palibe

Pangani tebulo la chiwerengero cha ovutika pa wofunsa aliyense, sabata iliyonse, ntchito ili mkati. Kuti mudziwe ngati kusiyanako n'kwa wofunsa kapena kwa mudzi, m'mudzi umodzi muzigwira ofunsa awiri kapena atatu, nyumba zitagawidwa mwa maere. Tabuleti imasunga nthawi: mafunso 6 pa anthu 5 akatha m'mphindi imodzi, sanafunsidwe. Woyang'anira abwerere ku nyumba imodzi mwa 10 zilizonse ndi kukhala nawo pa kufunsa kwina. Zimene adzapeze n'zodziwika: kuyang'ana munthu n'kumulembera yankho, kufunsa motsogolera kuti "Inu mumayenda bwinobwino eti?", ndi kulumpha funso la kusamba kwa munthu wamkulu chifukwa cha manyazi. Lomalizali limachepa amayi akamafunsidwa ndi amayi anzawo, abambonso ndi abambo.

Kuwononga kwake si kochepa. Wofunsa aliyense akafunsa anthu 60, ndipo mayankho a anthu ake n'kufanana ndi 0.02 chabe chifukwa cha iyeyo, 1 kuphatikiza 59 kuchulukitsa ndi 0.02 kumapereka 2.18. Mukagawa ndi nambala imeneyi, anthu 2,000 amene mwafunsa asanduka ngati 917 okha.

Alpha watsika, kapena wakwera n'kukusangalatsani

Cronbach's alpha, nambala yosonyeza mmene mafunso a fomu imodzi akuyendera limodzi, akatsika pansi pa 0.70, yambani ndi zolakwika za mu kompyuta. Kodi 8 ndi 9, zoimira "sindikudziwa" ndi "wakana", sizinawerengedwe ngati malikisi? Kodi palibe funso limene manambala ake anatembenuka? Funso lotembenuka limaoneka msanga chifukwa limayenda motsutsana ndi anzake onse. Pa WHODAS ya 36, mafunso 4 a ntchito ndi sukulu safunsidwa kwa amene sagwira ntchito kapena kuphunzira, ndipo malikisi awo amachokera pa mafunso 32. Koma mlimi ndi mayi wogulitsa tomato pamsika amagwira ntchito. Ofunsa akamva "ntchito" ngati yolembedwa yokha, anthu ambiri akumudzi adumphidwa molakwika. Pa mayankho osowa buku la WHODAS lili ndi lamulo: pa fomu ya 12, likasowa limodzi ikani avereji ya otsalawo, akasowa oposa limodzi musawerenge, pa ya 36 malire ndi awiri.

Alpha amakwera mafunso akachuluka, ndipo akaposa 0.95 nthawi zambiri ndiye kuti mafunso ena akungobwerezana, kapena kumasulira kwasandutsa mafunso awiri osiyana kukhala limodzi. Pa mafunso 6 a Washington Group ndi pa mbali 5 za EQ-5D, alpha sanena zambiri n'komwe. Munthu wosaona palibe chomuchititsa kukhalanso wosamva, ndiye mafunsowo sayenera kuyendera limodzi. Ndipo alpha wokwera satsimikiza kuti mukuyeza choyenera. Sikelo ya vendala imene imadya makilogalamu 2 pa thumba lililonse imapereka nambala yomweyo nthawi zonse, koma mlimi akuberedwabe.

Ngati mukuyesa ngati mafunso akugwera m'magulu amene olemba ananena, mufunika anthu osachepera 100, komanso osachepera 7 pa funso lililonse. Pa WHODAS ya 36 ndi anthu oposa 250. Uzani pulogalamu, kaya ndi Stata kapena R, kuti mayankho ndi masitepe otsatana osati manambala wamba, apo ayi mafunso ovuta adzadziunjika paokha n'kuoneka ngati gulu latsopano. Pa miyezo yosonyeza ngati maguluwo akugwirizana ndi mayankho, malire amene ambiri amatsata ndi CFI ya 0.95 kupita m'mwamba ndi RMSEA ya 0.06 kupita pansi.

Pafupifupi onse akuti alibe vuto

Pa EQ-5D mayankho a munthu amalembedwa ngati manambala asanu, imodzi pa mbali iliyonse, 1 kutanthauza kuti palibe vuto, ndiye izi zimaoneka ngati 11111 wochuluka. Anthu oposa 15 peresenti akakhala pa malikisi apamwamba penipeni kapena apansi penipeni, fomuyo siitha kuwasiyanitsa anthu amenewo. Pa anthu wamba zimenezi n'zoyembekezeka, makamaka pa EQ-5D ya mayankho atatu imene ili ndi mikhalidwe 243; ya mayankho 5 ili ndi 3,125 ndipo imachepetsako vutoli. Koma onaninso ulemu: munthu wofunsidwa za thanzi ndi mlendo amayamba ndi "ndili bwino", ndipo zenizeni zimatuluka mochedwa. Mafunso a thanzi asakhale oyambirira moni atangotha. Mzere wa 0 mpaka 100 wa mu EQ-5D, umene munthu amalozapo mmene thanzi lake lilili lero, nawo umaunjika anthu pa 50, 80 ndi 100. Kwa osawerenga, asonyezeni mzerewo papepala lalikulu aloze ndi chala, ndipo mawu ofotokozera nsonga ziwirizo akhale omwewo kwa onse.

Cholakwika chofala ndi kuyesa fomu m'wodi ya chipatala chachikulu kokha, n'kupita nayo ku kafukufuku wa m'midzi. Kuchipatala anthu amasiyana kwambiri, ndiye ICC ndi alpha zimaoneka zokongola. Kumudzi ambiri ali chakumtunda ndipo manambala omwewo amagwa. Yesani fomu pa anthu a mtundu umene mukawafunse.

Palibe muyezo weniweni woyerekeza nawo

Ulumali, malinga ndi ICF, ndondomeko yofotokozera ulumali ndi thanzi imene WHO inavomereza mu 2001, umachokera pa kukumana kwa vuto la m'thupi ndi malo amene munthu akukhala, choncho palibe makina amene angaugamule. Kuyeza maso ndi tchati cha E pa malire a 6/18, kapena makutu pa 35 dB, kumathandiza, koma musayembekezere kuti kudzafanana ndendende ndi mayankho. Mlimi wosawerenga amene maso ake ayamba kuchita ng'ala atha kunena moona mtima kuti savutika, pamene telala wa maso ofananawo ntchito yaima.

Njira yodalirika ndi kulemba zimene mukuyembekeza musanatsegule mayankho, ndi kukula kwake komwe. Mwachitsanzo: a zaka 60 kupita m'mwamba adzavutika kuyenda kuposa a zaka 20 mpaka 39, odwala sitiroko adzakhala ndi malikisi a WHODAS okwera kuposa anansi a msinkhu wawo, funso la kuyenda la EQ-5D lidzagwirizana ndi gawo la kuyenda la WHODAS pa 0.50 kapena kuposa, koma ndi gawo la kukhala ndi anthu mochepera. Lembani zotero 8 kapena 10, ikani deti, ndipo 75 peresenti zikakwaniritsidwa fomu yadutsa. Kusankha zogwirizana mutaona kale zotsatira n'kudzinamiza, chifukwa pa anthu 1,000 pafupifupi chilichonse chimaoneka chotsimikizika pa masamu (p yochepera 0.05).

Amayi ndi abambo, kapena maboma awiri, akusiyana modabwitsa

Musanalengeze kuti gulu lina ndi lovutika kuposa linzake, yesani DIF: tengani anthu a malikisi onse ofanana m'magulu awiriwo, muone ngati pali funso limene gulu limodzi likuliyankha molemera. Njira zake ndi Mantel-Haenszel, ordinal logistic regression kapena Rasch, ndipo gulu lililonse likhale ndi anthu pafupifupi 200. Funso la ntchito za pakhomo ndilo loyamba kulikayikira. Kwa mayi limatanthauza kusenza ndowa ya malita 20, kusinja ndi kutola nkhuni. Bambo wa msana wofananawo atha kuyankha kuti palibe vuto chifukwa ntchitozo sazigwira. Mukapeza funso lotero, bwererani ku kucheza kofufuza kamvedwe mumve chifukwa chake. Kulichotsa kumasokoneza kuyerekeza ndi maiko ena, ndiye nthawi zambiri ndi bwino kulisiya, n'kupereka zotsatira ziwiri, lilipo ndi palibe.

Kusiyana kwina kumachokera pa zimene anthu amayembekeza pa moyo. Wozolowera kupirira amati "pang'ono" pamene wina akanati "kwambiri". World Health Survey ya WHO ya 2002 mpaka 2004 inagwiritsa ntchito tinkhani tachidule pa vuto limeneli: woyankha amamva za munthu wopeka, mwachitsanzo amene amayenda mamita 200 bwinobwino koma amatopa akayenda kilomita, n'kumuyeza ndi mayankho omwewo amene wadziyezera yekha. Magulu awiri akamuyeza mosiyana munthu mmodzimodziyo, ndiye kuti malire awo a mumtima ndi osiyana. Tinkhanito timatalikitsa kufunsa ndipo okalamba ena amayamba kufunsa kuti munthuyo ndi wa kwa yani, choncho tiwiri kapena titatu pa gawo limodzi n'tokwanira. Munthu wa m'kankhaniko apatsidwe dzina la kuderalo, akhale mwamuna kwa abambo ndi mkazi kwa amayi.

Malikisi a EQ-5D sakufanana ndi a kafukufuku wina

Manambala asanu aja saphatikizidwa ngati masamu a kusukulu: 21111 ndi 11112 onse amakwana 6 koma si mkhalidwe umodzi. Amasandulika nambala imodzi pogwiritsa ntchito tebulo la mitengo lochokera ku dziko linalake, kumene anthu anafunsidwa kuti mkhalidwe uliwonse amaulemera bwanji. Pa tebulo la ku UK la mayankho atatu, 33333 ndi −0.594, kutanthauza kuti anthu kumeneko anauona woipa kuposa imfa. Akafukufuku ambiri a kuno kwathu akhala akubwereka tebulo la ku Zimbabwe lofalitsidwa mu 2003, ndipo mkhalidwe womwewo umalandira nambala ina pa tebulo limenelo. Musanayerekeze ndi lipoti la wina, onani tebulo limene anagwiritsa ntchito, ndiponso ngati fomu yake inali ya mayankho atatu kapena asanu. Tebulo la atatu siliikidwa mwachindunji pa mayankho asanu. Mu lipoti lanu tchulani tebulolo, werengeraninso ndi tebulo lachiwiri kuti muone ngati mfundo ikusintha, ndipo muonetse peresenti ya anthu pa yankho lililonse la mbali zonse 5, kuti wina wokhala ndi tebulo losiyana athe kuwerengera yekha.